M'kalasi ku Provo kapena pakhomo pa eni chilankhulo?

Mumzinda wa Provo, ku Utah m'dziko la America, amishonale achinyamata a mpingo wa Latter-day Saints amaphunzira chilankhulo chatsopano kwa masabata 6, kapena 9 chikakhala chovuta ngati Chijapani. M'kalasimo mphunzitsi amayankhula pang'onopang'ono, kubwereza mosatopa. Moni ndi pemphero amaziloweza msanga, galamala nayo imalowa.

Kumalo a utumiki ndi nkhani ina. Agogo akatsegula chitseko amayankhula mothamanga, kumeza mawu, mnyamata n'kungoti kukamwa yasa, maso kwa mnzake amene wakhalitsako. Komatu khutu limatsegukira pomwepo, ngakhale manyazi ake ndi owawa. Ine ndimaona kuti kalasi isamatalike: mnyamata akangodziwa kupempha munthu kuti abwerezenso, apite akagogode pamakomo.