Kaloboti kokumbutsa mankhwala kanatcha mayi anga kuti "iwe"

Ndinagula kaloboti kolankhula aka pa madola 45, m'sitolo ina ya zamagetsi pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Copacabana muno mu Harare, kuti kazikumbutsa mayi anga kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ine ndikakhala kuntchito. Batire lake limapirira magetsi akazima, ndipo nthawi sikaphonya.

Chimene chinandikopa n'chakuti mnyamata wogulitsayo analumbira kuti kamalankhula Chichewa. Mayi anachoka ku Dedza kubwera ku Mbare, dera la muno mu Harare, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ngakhale malamulo oyendetsera dziko lino la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, sindinaonepo chipangizo cholankhula chilankhulo chathu muno mu Harare. N'chifukwa chake sindinanenerere n'komwe.

M'mawa woyamba, mayi ali pamkeka ndi kapu ya tiyi, kachipangizoka kanayamba kuti: "Iwe, manje ni nthawi yakumwa mankhwala." Chimenechi ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, ndipo sindikuchinyoza, chifukwa chili ndi eni ake. Koma kwa gogo wa ku Dedza, amene ngakhale abusa amamutchula kuti "inu", mawu amenewa anali chipongwe chenicheni. Komanso mawu ake sakwera kapena kutsika, moti katati kanene kuti "mtengo", simungadziwe ngati kakunena wa nkhuni kapena wa katundu. Mayi anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa yani? Munthu wopanda mwambo angadziwe bwanji za mankhwala anga?" Ine ndinaseka, osadziwa kuti nkhani yakula. Nditangotuluka anakaphimba ndi chitenje, ndipo kwa masiku atatu sanamwe mbulu wa m'mawa, ati sangamvere mlendo wosadziwika kwawo. Ndinazindikira Lamlungu powerenga mapilisi otsala, iwo atayamba kale kudandaula mutu ndi chizungulire.

Nditabwerera kusitolo, mnyamata uja sanadzuke n'komwe pampando. Anandiuza kuti Chinyanja ndi Chichewa n'chimodzimodzi, ndiponso kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Zoti ndi chilankhulo chimodzi ndikuvomereza, koma iyeyo sangalole kuti makina azilankhula ndi agogo ake ngati akuitana mwana wotuma kumsika. Sindidzapondamonso m'sitolo imeneyo.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo pa kachipangizoka. Mwana wanga wamkazi anakasinthira ku Chishona, ndipo mawu ake a Chishona ndi aulemu ndithu: kamayamba ndi "Mamuka sei" (mwadzuka bwanji) kasananene za mankhwala. Chodabwitsa n'chakuti mayi, amene Chishona chawo chimamvekabe kuti ndi cha munthu wa ku Malawi, anakakhulupirira tsiku lomwelo, ati kakulankhula ngati anamwino a kukiliniki amene amawayeza magazi mwezi ndi mwezi. Papita miyezi iwiri tsopano osaphonya ngakhale mbulu umodzi, ndipo nthawi zina ndimawamva akukayankha kuti "zikomo".

Choncho ntchito kakugwira, kungoti chimene ndinalipirira madola 45 sindinachipeze. Amene mukufuna kugulira makolo anu chifukwa cha Chichewa, pitani nawo kusitolo, ndipo wogulitsayo ayatse mawuwo kuti iwo amve okha musanatulutse ndalama.