Mawaya posintha injini ya pikapu yakale: njira zitatu, imodzi inandipweteka

Chiyambireni pikapu yanga ya Chevrolet C10 ya 1984 kuyenda ndi injini ya malita 5.3 ya kampani ya General Motors (GM), anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: mawaya munatani nawo? Ndatopa kufotokoza nditatsamira boneti, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano. Za mphamvu ya injini, zomangira zake ndi ekizozi sindikhudzako, mukuzidziwa kale. Nkhani ndi ya hanesi, mtolo wa mawaya uja wolumikiza injini, giyabokosi ndi kompyuta. Njira zilipo zitatu: kugula hanesi yokonzeratu, kudulira hanesi ya ku fakitale yobwera ndi injini, kapena kusiya kompyuta ya ku fakitale n'kugula ina yobwera ndi mawaya akeake. Ziwiri zoyambazo ndazigwira ndi manja angawa. Yachitatu ndinangothandiza mnzanga kuika.

Tisanapite patali, dziwani kuti hanesi siyendera dzina la injini. Kungonena kuti "ndili ndi 5.3" simunanene kanthu. Ya 2001 ndi ya 2008 zonse ndi 5.3, koma yoyambayo ili ndi gudumu la 24x (lomwe sensa imawerengerapo kuzungulira kwa injini) pa kirankishafiti ndi sensa yakuda, pomwe inayo ili ndi la 58x ndi sensa yotuwa. Yakale sensa ya cam ili kumbuyo kwa buloko, yatsopano ili kutsogolo. Masensa a knock, omva kugogoda kwa injini, pa yakale abisala pansi pa manifodi, pa yatsopano ali m'mbali. Kufika 2002 mapikapu ambiri a GM moto ankaupondera pa chingwe, kuyambira 2003 ndi pedulo yamagetsi, yomwe poyamba inkabwera ndi kabokosi kake koyendetsa moto kotchedwa TAC. Makompyuta nawo ndi osiyana: P01 ya mapulagi ofiira ndi abuluu, P59 ya abuluu ndi obiriwira, kenako E38. Chimodzi mwa izi chikasemphana, hanesi si yanu.

Ine ndinayamba ndi yogula, ndipo chinandikankha ndi ulesi. Injini ya 2001 ndinaipeza ndi kompyuta yake, koma amene anaitsitsa anangodula mawaya ndi pulayala. Pa intaneti ndinapeza wogulitsa wina wotchipa yemwe analemba kuti hanesi yake imagwira pa giyabokosi ya 4L60E ndi ya 4L80E yomwe, ndipo ine ndingolumikiza mawaya 4 basi. Ndinali nditasankha 4L80E chifukwa ndimakoka katundu. Itafika, inali yokongola zedi: yokutidwa bwino, kabokosi ka mafyuzi konyezimira, pulagi iliyonse ndi kapepala kake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku loyamba injini inalira masekondi 2 n'kuzima. Kuyesanso, chimodzimodzi. Umenewo ndi VATS, loko ya akuba yomwe ili mu pulogalamu ya kompyuta, ndipo palibe waya amene angaichotse. Ndinalipira wokonza mapulogalamu, anaichotsa, injini inalira bwinobwino. Apa sindidandaula kwambiri, ndinayenera kudziwa ndekha.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi giyabokosi. Pulagi yozungulira ija inalowa bwinobwino mu 4L80E, kumveka kuti "kapa". Ndinaika mu D, kuponda moto, galimoto kunyamuka ngati yamangidwa ku mtengo. Injini ikubuula, liwiro osabwera. Itayamba kuthamangako, m'malo moti giya ikwere injini ipume, marevu analumpha m'mwamba galimoto n'kugwedezeka ngati wina wandigwirira buleki. Ndinaimika pambali, kutulutsa dipisitiki, oyilo akununkha kupserera.

Chifukwa chake ndinachimvetsa patapita masiku, ndipo n'chosavuta. Magiyabokosi onse awiri amasintha magiya ndi masolenoidi awiri, A ndi B. Pa 4L60E, onse awiri akayaka ndiye giya yoyamba. Pa 4L80E, onse awiri akayaka ndiye giya yachinayi. B amagwira mosemphana. Kompyuta yanga inali ndi pulogalamu ya 4L60E, ndiye ikamati yaika giya 1, giyabokosi imalowa 4. Ikati 2, imalowa 3. Ikati 3, imalowa 2. Ndikanaumirira mpaka iitane giya 4, ikanandiponyera mu giya 1 galimoto ili pa liwiro, ndipo bwenzi pano ndikulemba za kugula giyabokosi ina.

Mungati vutoli ndi la pulogalamu, si la hanesi. Zoona, koma pang'ono chabe. 4L80E ili ndi masensa a liwiro awiri, wa shafiti yolowa ndi wa yotuluka. Hanesi "yogwira ponseponse" ija inali ndi pulagi imodzi yokha. Waya wotseka torque converter (chida cholumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki), womwe pa 4L60E umakhala pa pini U, pa 4L80E umayenera kukhala pa pini S, koma unali pa U pomwepo. Kunena kwina, inali hanesi ya 4L60E basi, chomwe chinkagwira ponseponse ndi chipulasitiki cha pulagi. Nditamulembera wogulitsa, anandiyankha kuti pulagi yalowa, ndiye hanesi ilibe vuto. Ndinalipiranso wa mapulogalamu kachiwiri kuti aike gawo la 4L80E mu kompyuta, ndinagula oyilo ndi sefa zatsopano, ndinagula pulagi ndi mapini. Zonse pamodzi zinadya ndalama zomwe ndinkati ndapulumutsa, n'kupitirira.

Potsegula chikuto kuti ndiwonjezere mawaya a sensa ija, ndinaona zina. Kupala waya ndi mpeni, pansi pa mtundu wa kopa panatuluka choyera: aluminiyamu wongopakidwa kopa. Chikopa cha mawaya chinali PVC wamba, chomwe chimapirira pafupifupi 80°C, pomwe waya wa TXL kapena GXL woyenera mu injini umapirira 125°C. Pafupi ndi ekizozi chinali chitayamba kale kufewa. Mitundu ya mawaya inali yongopeka, yosagwirizana ndi dayagiramu iliyonse ya GM, moti waya uliwonse ndinkausaka ndi malitimita kuchokera ku pini kufika ku pini. Ma earth onse anawapanira mu kamphete kamodzi, ndipo nditakoka pang'ono awiri anasololoka.

Sindikunena kuti hanesi zonse zogula n'zotero. Zabwino zilipo, ndipo mungazizindikire musanalipire: wopanga weniweni amakufunsani chaka cha injini, mtundu wa kompyuta, moto wa chingwe kapena wamagetsi, mapulagi a mainjekita, ndi giyabokosi. Amene sakukufunsani kanthu, mthaweni. Kwa munthu wopanda nthawi kapena woopa mawaya, hanesi yabwino yogula ndi njira yolongosoka, bola adziwe kuti ndalama ya pulogalamu ikumudikirabe kutsogolo.

Nditakwiya, ndinasaka hanesi ya ku fakitale yathunthu ya pikapu ya chaka chomwecho, n'kuyala pa thabwa. Inanditengera masabata awiri, madzulo okhaokha. Ntchito yake ndi yonyansa: kuchotsa tepi yakale yomata manja, kutsata waya uliwonse, kusolola mapini a zinthu zomwe C10 ilibe, kusonkhanitsa mawaya a magetsi ku kabokosi katsopano ka mafyuzi ndi ma relay. Koma apa dayagiramu ndi waya zimalankhula chimodzi. Wa pinki ndi wa kiyi. Wa olenji ndi wa batire nthawi zonse. Wobiriwira wa mzere woyera umayatsa relay ya pampu ya petulo. Za 4L80E ndinazichita momwe ena amachitira: waya wabulauni kuchoka pa U kupita pa S, mawaya awiri otsala a 4L60E kuwasandutsa a sensa ya shafiti yolowa n'kuwasunthira pa mapini ake ku kompyuta. Lero wamagetsi aliyense wokhala ndi buku la GM akhoza kugwira galimoto yangayi osandiimbira foni.

Zoipa zake sindibisa. Hanesi ya zaka zoposa 20 imakhala yowuma, timano ta mapulagi timathyoka mukangotikhudza, makamaka ta makoyilo ndi mainjekita. Kahanesi ka masensa a knock pansi pa manifodi kamawola ndi madzi, gulani katsopano manifodi isanatsekedwe. Ndipo utali wake anauyezera galimoto ina. Mukafuna kompyuta ikhale m'kati mwa kabini, mutalikitsa mawaya ambirimbiri limodzilimodzi, kupana bwino ndi kuvala chubu chofinyika ndi moto, osati kupotokola n'kukulunga tepi.

Njira yachitatu, ya makompyuta ngati a Holley kapena Haltech, ndi yokoma kuika. VATS kulibe, mapulogalamu mumasintha nokha pa laputopu. Kwa woika turbo kapena cam yaikulu, ndiye yake. Koma onetsetsani kuti mtundu womwe mukugula umayendetsanso giyabokosi, chifukwa si yonse. Ngati yanu ndi 6L80, kompyuta yake ili m'kati mwa giyabokosi momwemo ndipo imafuna kulankhulana ndi ya injini pa mawaya olankhulirana makompyuta otchedwa CAN, ndiye funsani kawiri. Makompyuta ambiri otere makina wamba ofufuzira mavuto a galimoto (a OBD2) sawawerenga, komanso kumene malamulo a utsi ndi okhwima akhoza kukukanizani. Pa 5.3 yosasinthidwa yonyamula katundu, ine ndimaona ngati kumwaza ndalama.

Mbali ya pikapu yakale ndiyo sisintha, musankhe njira iliyonse. Waya wa kiyi uzikhala ndi magetsi ngakhale pamene sitata ikuzungulira, yezani ndi mita chifukwa mawaya ena akale amazima pa nthawi imeneyo. Pa kompyuta ya P01 kapena P59, switchi ya buleki iyenera kupereka 12V pamene simunaponde, apo ayi torque converter sitseka. Geji ya marevu ya V8 imaonetsa theka chifukwa kompyuta imatulutsa chizindikiro cha masilinda 4. Sipidomita ya chingwe siimva sensa yamagetsi, ifuna kabokosi kotembenuza kapena geji ina. Zolumikiza mawaya a injini yatsopano mu hanesi yakale ya pikapuyo musayese, ingotengani mawaya ochepa omwe ndatchulawa.

Mukapita kukagula injini, kaimeni pomwepo akamatsitsa, ndipo pulayala asayandikire. Azule pulagi iliyonse ndi manja. Mutenge hanesi yonse, kompyuta, sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa mu injini, kabokosi ka mafyuzi, pulagi ya OBD2 ndi mawaya ake, komanso pedulo ndi TAC (ngati ilipo) za galimoto yomweyo ngati moto ndi wamagetsi. Lembaninso VIN, nambala ya chasesi ya galimotoyo, pa kapepala, wa mapulogalamu adzaifunsa.