Makhadi ochotsera mtengo pa malo oimikapo RV ku America: amene tasunga ndi amene tasiya

Ine ndi akazi anga timakhala mu RV, nyumba yoyenda pa matayala, chaka chonse. Iwo ndi namwino wa makontirakiti a masabata 13, ndiye ntchito ikapezeka ku Texas timakokera tilela yathu ku Texas, ikapezeka ku Oregon timalowera komweko. Anzathu amene akufuna kuyamba moyo woterewu amandifunsa kawirikawiri kuti agule umembala uti woti uwachepetsere mtengo wa malo ogona. Ndimawayankha kuti asagule kalikonse asanayende miyezi iwiri kapena itatu n'kuona mmene iwo eni amayendera. Kugula makhadi onse tsiku loyamba kuli ngati kugula feteleza usanadziwe kukula kwa munda wako.

Chimene otsatsa satchula mokweza n'chakuti makhadi ambiriwa amachotsa ndalama pa mtengo wa usiku umodzi basi. Malo ambiri ali ndi mitengo itatu: wa usiku, wa sabata ndi wa mwezi. Kumene amalipiritsa madola 50 pa usiku, mtengo wa mwezi nthawi zambiri umakhala theka la zimene mukanalipira powerenga usiku ndi usiku, mwinanso kucheperapo, kungoti magetsi mumalipira padera potengera mita. Pa mtengo wa mwezi umenewo khadi silichotsapo kanthu, ndipo ndi zomveka, poti mwini malo watsitsa kale. Choncho ife tikakhala pa kontirakiti miyezi itatu pamalo amodzi, makhadi amangogona m'chikwama. Ntchito yawo imaoneka pa masiku a ulendo, pochoka pa chipatala china kupita pa china.

Pa masiku amenewo, limene latipindulira koposa ndi Passport America. Lidayamba mu 1992, ndipo mfundo yake ndi imodzi yokha: pa malo amene ali m'gulu lawo mumalipira theka. Pamene tinkalipira komaliza, umembala wa chaka sunafike madola 50. Werengani nokha. Malo a madola 50 mukawapeza pa 25, mausiku awiri okha ndalama yanu yabwerera, otsalawo ndi phindu. Ulendo wochoka ku Houston kupita kumpoto chakumadzulo umatenga masiku angapo mukamakoka tilela, ndipo m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa misewu ikuluikulu malo awo amapezeka mosavuta. Si malo a ulemerero ayi. Ena ndi bwalo la miyala lokha, lokhala ndi mzati wa magetsi, mpopi wa madzi ndi paipi yotayira madzi oipa. Koma munthu amene wafika madzulo atatopa n'kudzanyamuka m'mamawa safuna zoposa apo.

Muziwerenga malamulo a malo aliwonse musanaimbe foni, chifukwa mwini malo aliyense amaika ake. Ena amalola theka la mtengo usiku umodzi kapena iwiri yokha, ena kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi, ena amafuna ndalama zogwira m'manja. Ku Florida ndi kumwera kwa Arizona, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene anthu akumpoto amathawirako kuzizira, malo ambiri salandira khadili konse. Ine sindiwaimba mlandu. Mwini malo amatsitsa mtengo pofuna kudzaza malo opanda munthu, ndipo nyengo imeneyo malo opanda munthu kulibe. Zonsezi zidalembedwa poyera pa pulogalamu ya pafoni ya Passport America, ndiye wowerenga kaye sakhumudwa.

Lachiwiri limene sitingasiye ndi Escapees RV Club, ngakhale chifukwa chake si mtengo wa malo ogona kwenikweni. Gululi adaliyambitsa ndi Joe ndi Kay Peterson mu 1978, anthu amene nawonso ankakhala pa msewu, ndipo likulu lake lidakhazikika ku Livingston, m'chigawo cha Texas. Munthu wopanda nyumba yokhazikika amafunikabe adiresi. Layisensi yoyendetsera, kalembera wa galimoto, inshuwalansi, banki, zonsezi zimafunsa kuti kwanu n'kuti. Kwa ife obwera kuchokera kunja, makalata a boma okhudza zikalata zokhalira m'dziko si oti asochere ngakhale tsiku limodzi. Escapees amakupatsani adiresi, amalandira makalata anu, n'kukutumizirani kumene muli. Ntchito ya makalatayi ili ndi malipiro ake apadera, koma mtima wanga umakhala m'malo. Anthu ambiri a mu RV amasankha Texas, Florida kapena South Dakota ngati kwawo chifukwa zigawo zimenezi zilibe msonkho wa chigawo pa malipiro. Escapees alinso ndi malo awoawo otsika mtengo, ndipo anthu amene tidakumana nawo kumeneko ndi achikulire odziwa zinthu, okonda kuthandiza. Bambo wina adationetsa mmene tingayezere mphamvu ya magetsi pa mzati tisanalumikize tilela, osatilipiritsa kalikonse.

Good Sam ndi dzina limene aliyense amalimva koyamba, poti lakhalapo kuyambira mu 1966 ndipo chikwangwani chake chili pa malo ochuluka zedi. Amachotsa 10 peresenti. Pa malo a madola 50 ndiye madola asanu pa usiku. Amene amasamuka masiku awiri kapena atatu alionse, komanso amagula zipangizo ku Camping World, masitolo a katundu wa RV, adzaona phindu. Ife amene timakhazikika miyezi tidaona kuti likungobweza ndalama yake, ndiye tidalisiya. Khadi la KOA, kampani ya malo oimikapo RV, nalo ndi 10 peresenti, la anthu okonda malo a KOA okhaokha.

Thousand Trails ndi nkhani ina, ndipo ndi imene imafuna kulingalira mofatsa chifukwa ndalama yake ndi yambiri, madola oposa 600 pachaka pa khadi loyambira. Iwo sachotsa peresenti. Mumalipira kamodzi, kenako mumagona pa malo awo osalipiranso pa usiku. Dziko adaligawa zigawo zisanu, inu mumasankha chimodzi, china mukafuna mumawonjezera ndalama. Pa khadi loyambirali mumakhala mpaka mausiku 14, ndipo mukapitirira mausiku anayi muyenera kutuluka m'malo awo onse kwa sabata imodzi musanalowenso. Munthu wogwira ntchito pa intaneti, amene angathe kusamuka masabata awiri alionse, akhoza kutsitsa kwambiri ndalama ya malo ogona pachaka, makamaka ngati amazungulira ku Washington, Oregon kapena California, kumene malo awo ali pafupipafupi. Tidaligwiritsa ntchito chaka chimene tinali kugombe la Oregon, ndipo malo ena anali okongola kwambiri, m'nkhalango, nyanja ikumveka usiku. Koma namwino wolowa ntchito ya usiku sangamapakire tilela masabata awiri alionse, ndipo kontirakiti ikakugwetserani ku Montana kapena Wyoming khadilo likhala lopanda kolipititsa. Tsegulani mapu awo, muone ngati malowo ali kumene inu mudzakhale.

Pano ndichenjezeko. Pamalo ena amene tidagonapo, munthu wa kampani ina adatiitanira ku "msonkhano waufupi" umene udatenga masana onse, akutikakamiza kusaina umembala wa zaka zambiri wa madola masauzande, pa ngongole, ati mtengowo ndi wa tsiku lomwelo lokha. Tidakana, ndipo ndikupemphani kuti nanunso musasaine pepala lotere tsiku limene mwalimva. Funsani ndalama ya chaka ndi chaka imene imabwera pamwamba, funsani mmene mungatulukire, ndipo pepalalo mupite nalo mukaliwerenge muli nokha.

Harvest Hosts timalisunga chifukwa cha chisangalalo, osati kupulumutsa ndalama. Pafupifupi madola 100 pachaka, mumagona usiku umodzi pa famu, pa munda wa mphesa kapena pa nyumba yosungiramo zakale. Pa malowo simulipira, koma ulemu wake ndi kugula kanthu kwa mwini malo, ndiye mukagula uchi, tchizi ndi mazira mumapeza kuti mwawononga yofanana ndi malo wamba. Pamafunikanso RV yokhala ndi chimbudzi ndi madzi akeake, chifukwa kawirikawiri palibe polumikiza. Akazi anga amakonda usiku woterewu kuposa wina uliwonse, makamaka akangomaliza kontirakiti yovuta.

Musaiwale malo a boma. Khadi la America the Beautiful, la madola 80 pachaka kwa okhala m'dzikomo, limakulowetsani m'mapaki a dziko koma silitsitsa mtengo wogona. Limene limatsitsa ndi la achikulire a zaka 62 kupita m'mwamba, nzika kapena okhala ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dziko), ndipo limadula theka pa malo ambiri a boma, kuphatikizapo a Army Corps of Engineers a m'mbali mwa madamu. Kumadzulo kulinso malo a Bureau of Land Management, nthambi ya boma yoyang'anira malo, kumene mungaime masiku 14 kwaulere, ngati muli ndi sola ndi thanki ya madzi yokwanira. Ku Quartzsite, Arizona, mu Januwale chipululu chimadzaza ma RV a anthu amene akukhala mwa njira imeneyi.