Quruti ya ku Bamyan: buledi wadzulo ndi chambiko cholimba ngati mwala

Dalaivala wathu ndiye anasankha malowa. Ndinamudandaulira kuti mpunga wa kunyumba ya alendo wandikola, ndikufuna chimene amayi ake amaphika kumudzi. Anangoseka n'kukhotetsa galimoto kulowera mumsewu wa msika wa Bamyan, tauni ya m'mapiri a dziko la Afghanistan. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi yokumba mbatatesi, ndipo tinali titaswera m'minda kuyendera nkhokwe zosungiramo mbewu. Ine ndinakulira ku Dedza, ndinkadziyesa katswiri wa kuzizira. Bamyan ili pamwamba, mamita pafupifupi 2,500, ndipo dzuwa likangopendeka kamphepo kochokera ku mapiri a Koh-i-Baba kamakulowa mpaka m'mafupa. Ndinafika pamalopo mano akugundana.

Malo ake si okopa maso ayi. Umakwera masitepe opapatiza pambali pa sitolo ya nsalu, n'kutulukira m'chipinda chachitali chonunkha utsi wa nkhuni ndi mafuta a nkhosa. Mipando mulibe. M'mbali mwa khoma anamanga nsanja zofika m'mawondo, anayalapo makapeti ofiira ndi timatiresi, ndipo nsapato umazisiya pansi. Pakati pali mbaula yachitsulo yokhala ndi chumuni, iwo amati bukhari, ndipo amene wafika msanga ndiye amakhala pafupi nayo. Ife tinapeza pazenera. Kunali kozizira, koma pamenepo ndinkaona phiri lija la mapanga awiri akuluakulu momwe munali ziboliboli za Buddha, china chotalika mamita 55 china 38, zimene a Taliban anaphwasula ndi mabomba mu Malichi 2001. Mdima ukamagwa mapangawo amangokhala bii, ngati zitseko za nyumba yosamukamo.

M'chipindamo munali amuna okhaokha. Amayi ndi mabanja ali ndi kachipinda kawo kuseri kwa nsalu yotchinga, ndipo nditasuzumira podutsa ndinaona kuti n'kothithikana komanso kotalikirana ndi moto. Chimenecho sichinandisangalatse.

Kamnyamata kanabwera ndi beseni ndi mtsuko wachitsulo wa mlomo wautali, n'kutithirira madzi ofunda m'manja mmodzimmodzi, kuyambira kwa mlendo. Apa mtima unakhala m'malo, chifukwa ndi mmene timasambira m'manja kwathu. Kenaka kanayala nsalu yodyerapo yotchedwa dastarkhan, n'kuponyapo buledi wamphwatalala wautali ngati nkhafi, wotentha, wongochotsedwa kumene mu uvuni wadothi wokumba pansi. Dalaivala anandigwira bondo pamene ndimafuna kutambalala. Nsalu imeneyi saiponda, saidumpha, ndipo sailozetsa mapazi.

Pepala la zakudya palibe. Mwini malo, bambo wachikulire wa mtundu wa Hazara amene aliyense amangowaitana kuti Kaka, kutanthauza kuti bambo aang'ono kapena aakulu, amangotchula pakamwa zomwe zatsala mumphika: shorwa, palaw, kanyenya. Dalaivala anawapempha quruti. A Kaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti chimenecho n'chakudya cha kunyumba, cha anthu osauka m'nyengo yachisanu, mlendo sapatsidwa. Anakambirana kwa kanthawi m'chinenero chawo, mpaka anavomera, koma anati tidikire.

Tinadikiradi, mphindi ngati 40. Podikirapo tinayamba ndi shorwa, womwe ndi msuzi wa nyama ya nkhosa. Amakupatsa m'mbale yakuya, iwe n'kumanyemera buledi momwemo mpaka msuzi wonse utamwerera, ndipo nyama ndi mbatatesi zimabwera pambale ina. Msuziwo ndi wosavuta, anyezi, mchere, tomato pang'ono ndi mafupa owira kuyambira m'mawa. Tsabola samuchulutsa kuno, wokonda kambuzi anyamule wake. Koma mbatatesi ija! Yachikasu mkati, yaufa, yotsekemera ngati athiramo kanthu. Ndikunena izi ndikudziwa kuti abale anga a ku Bembeke andikwiyira: ya ku Bamyan yatiposa. Nzosadabwitsa kuti malole amaitutira ku Kabul, likulu la dzikolo, usana ndi usiku nyengo imeneyi.

Palaw ndiye inandikhumudwitsa. Mpunga wautali uja wokhala ndi karoti wodula mopyapyala, mphesa zouma ndi nthuli ya nkhosa yokwiriridwa pansi amauphika kamodzi mumphika waukulu, cha kum'mawa. Ife tinapatsidwa zokokota za madzulo, zouma m'mbali, nyama yake ili nkhwi. Wofuna palaw pamalowa apite masana. Kanyenya anali bwino, amalumikiza nthuli ya nyama ndi kachidutswa ka mafuta a kumchira wa nkhosa, omwe amati dumba. Kungoti kuzizira kwa kuno mafutawo amagwirana msanga, ukachedwa amakumata kunkhama ngati kandulo. Ndinatambasula dzanja kuti ndimwe madzi, dalaivala n'kundilanda kapu. “Injiniya sahib, pamafuta a nkhosa samwerapo madzi ozizira,” anatero (sahib ndi mawu aulemu, ngati kuti bwana), n'kundithirira tiyi wobiriwira wopanda mkaka, wonunkhira timbewu timene amati hel.

Tsopano quruti. Kuti mumvetse, yambani mwaganiza za chambiko. Anthu a m'mapiri muno amakama nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe m'miyezi yotentha, msipu ukadalipo. Mkakawo amausasitsa, amaupukusa n'kuchotsa batala, zotsalazo amaziwiritsa n'kuzikhuthulira m'thumba lansalu kuti madzi akhe. Phala lolimba lotsala m'thumbamo amalithira mchere, amaliumba timibulu, n'kuyanika padzuwa mpaka titauma gwa. Timibulu timeneti ndiye qurut. Timakhala miyezi osawonongeka, ndipo chisanu chikatseka misewu, ziweto zitaleka kutulutsa mkaka, banja limadalira timeneti. Ndi mfutso wa mkaka, tingotero.

Chimene chinatichedwetsa ndinachiona ndekha popita kukasamba m'manja kachiwiri. Mwana wa a Kaka anali atakhala chonjuta kukhitchini, akupekesa timibuluto m'mbale yadothi yokhakhala mkati, akuthira madzi ofunda pang'onopang'ono, mpaka miyala ija inasanduka msuzi woyera wokhuthala ngati phala la mwana. Ntchito yake ndi yowawitsa mkono. Msuziwo anautenthetsa ndi adyo wosinja, osaulola kubwadamuka, n'kuuthira pa buledi wogona wonyemanyema. Pamwamba anatsanulirapo mafuta otentha okhala ndi anyezi wokazinga mpaka kufiira, n'kuwaza masamba ouma onunkhira otchedwa nana. Basi. Nyama mulibe.

Inabwera m'mbale imodzi yaikulu, tonse n'kumapisa momwemo ndi dzanja lamanja. Kutapa koyamba kunandidzidzimutsa: kuwawasa kwake kumaposa chambiko chogonera masiku awiri, mchere uli ndii, ndipo pali kafungo ka khola kamene sikabisala. Ndinatsinzina. Kutapa kwachitatu anyezi uja anayamba kumveka kutsekemera pansi pa kuwawasako, buledi wa pansi ali wofewa, wa pamwamba akadali wokhukhuta, ndipo thukuta linayamba kutuluka pamphumi m'chipinda chimene ndinalowa ndikunjenjemera. Sindinayang'anenso palaw ija. A Kaka anaima chapatali manja kumbuyo, akundiyang'anira ngati mphunzitsi pa mayeso. Ataona ndikukombeza m'mbali mwa mbale ndi chala, anaseka n'kunena kuti “Nosh-e jan,” mawu amene amauza munthu wakudya kuti chimukomere.

Sindinganame kuti aliyense angachikonde. Mnzathu wina wa ku ntchito amene anakulira mumzinda wa Kabul analawa kamodzi n'kubwerera ku kanyenya wake, akuti zimamukumbutsa nyengo ya nkhondo pamene kunyumba kwawo kunalibe china. Ndipo mchere wake unandimwetsa tiipoti yathunthu ndekha.

Zina zofunika kudziwa: chimbudzi chili panja, pansi pa masitepe, chopanda nyale, ndiye foni ikhale ndi moto. Kulipira ndi ndalama m'manja, ma afghani, ndipo quruti ndiyo inali yotchipa pa zonse zimene tinadya. A Kaka anayamba akana kulandira ndalama yake ponena kuti ndine mlendo wawo. Dalaivala anali atandichenjeza kale kuti kukana koyamba ndi ulemu chabe, uyenera kuumirira, choncho ndinaumirira mpaka kachitatu, iwo dzanja lili pamtima, kenaka analandira.

Potuluka anandifumbatitsa timibulu tiwiri ta qurut kuti ndikaonetse kwathu. M'galimoto ndinati ndilume kamodzi ngati siwiti. Dzino linachita kuti ng'aa, dalaivala anaseka mpaka kuimitsa galimoto pambali pa msewu, n'kundionetsa kuti umangokaika kutsaya n'kumamung'unya. Tinakafika kunyumba ya alendo kasanathe ndi theka lomwe.