KardiaMobile: kachipangizo kojambulira kugunda kwa mtima kunyumba

Amayi anga akhala akudandaula kwa nthawi yaitali kuti mtima umawathamanga mwadzidzidzi, koma tikafika nawo kuchipatala umakhala utakhazikika kale, ndipo pepala la ECG (mayeso ojambula kugunda kwa mtima) limatuluka lopanda vuto. Ichi n'chimene chinandichititsa kugula KardiaMobile, kachipangizo kopyapyala kopangidwa ndi kampani ya ku America ya AliveCor.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Amayi amakhala pampando, kuika kachipangizoka patebulo pafupi ndi foni, kenaka kugunditsa zala ziwiri za dzanja lililonse pa tizitsulo tiwiri kwa masekondi 30. Mzere wa mtima umaoneka ukuyenda pafoni, ndipo ukhoza kusungidwa kapena kutumizidwa kwa dokotala. Batire lake ndi laling'ono, longa la wotchi. Masiku oyamba manja ankawanjenjemera ndi mantha, mzerewo n'kumasokonekera, mpaka titaphunzira kutsamiritsa mikono patebulo ndi kunyowetsa zala pang'ono.

Sindinakhulupirire kachipangizoka chifukwa cha mawu otsatsira malonda, koma chifukwa chakuti kanayesedwa pa anthu. Mu kafukufuku wa REHEARSE-AF, amene anachitikira ku Swansea m'dziko la Wales ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anthu achikulire 1001 anagawidwa m'magulu awiri. Gulu limodzi linkadziyeza ndi kachipangizoka kawiri pa sabata kwa chaka chathunthu, ndipo mwa iwo anthu 19 anapezeka ndi atrial fibrillation, matenda ochititsa mtima kugunda mosalongosoka amene amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, pamene m'gulu linalo, limene silinkagwiritsa ntchito kachipangizoka, anapezeka 5 okha. Kafukufukuyu anaonetsa kuti kachipangizoka kamathandiza kupeza matendawa msanga, koma sanali wamkulu mokwanira kutsimikizira kuti kamachepetsa sitiroko, ndipo ndimalakalaka kuti kafukufuku wotere azichitikanso pakati pa anthu a mu Africa, kumene matenda a mtima obwera ndi rheumatic fever (nthenda yotsatira zilonda za kukhosi) akadali ofala.

Ogula adziwe malire ake. Kachipangizoka sikazindikira vuto la kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, choncho womva kupweteka pachifuwa athamangire kuchipatala, asataye nthawi ndi foni. Opanga ake salangizanso kuti anthu oikidwa pacemaker (kachipangizo koikidwa m'thupi kowongolera kugunda kwa mtima) azikagwiritsa ntchito.

Kwa ife phindu linaoneka usiku wina pamene amayi anadzuka akupuma movutikira ndipo tinajambula mtima vutolo lili mkati. Adokotala ataona mzerewo anaitanitsa mayeso ena, kenaka anawayambitsa mankhwala.