Shehe, Mwalimu kapena Ulama: pa khadi tilembe chiyani?

Nyengo ya maukwati ikafika, funso la anzanga limakhala lomweli: wodzamangitsa nikah, ukwati wa Chisilamu, timulembe kuti Shehe, Mwalimu kapena Ulama?

Ulama tichotseretu. M'Chiarabu mawuwa ndi a anthu ambiri. Mmodzi ndi alim, ndipo gwero lake ndi ilm, kudziwa. Muwasungire gulu la akuluakulu ounika nkhani za Shariah, monga aja anatha zaka ku Al-Azhar ku Cairo kapena ku Madinah. Imamu ndi wotsogolera swala basi. Mufti amapereka fatwa, chigamulo pa nkhani ya chipembedzo, ndipo sapezeka mzikiti uliwonse.

Londiwawa ndi la Shehe. Kwa Aluya sheikh ndi munthu wachikulire wolemekezeka, ndipo kunonso linali dzina lolemera, la anthu ngati Shehe Abdallah Mkwanda amene anakaphunzira ku Kilwa n'kudzaphunzitsa Korani cha kunyanja. Lero mkanjo woyera, ndevu ndi mawu angapo a Chiarabu zakwana. Palibe amafunsa kuti anakuphunzitsani ndani.

Mtengo wake ndinauonera pamaliro a malume anga. Pogawa chuma cha masiye, bambo wina amene mudzi wonse umamutcha shehe analamula kuti mayi wamasiye alibe gawo, azipita kwawo. Chonsecho m'Korani, Surat An-Nisa, ndime 12, ikunena poyera: mkazi amatenga gawo limodzi mwa magawo 8 ngati pali ana, limodzi mwa 4 ngati palibe. Koma ndani akanatsutsa? "A Shehe anena." Mayiwo anachoka ndi sutikesi ndi mapoto awiri, abale n'kugawana malata, njinga ndi mbuzi. Mpaka pano ndikaona dzinali pa khadi ndimayamba ndafufuza.

Mwalimu gwero lake ndi lomwelo la ulama. Ndi mu'allim, wophunzitsa, ndipo linatifika kudzera m'Chiswahili cha amalonda a kugombe, omwe aja anabweretsa Chisilamu ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 komanso kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira. Ubwino wake ntchito imaoneka: masana mukapita ku madrasa mukamupeza ali pamkeka ndi ana. Vuto lake n'lakuti ena amaliona lochepa dzinali, mukawalemba choncho amakwiya.

Akwiye. Ine ndimalemba Mwalimu, pokhapokha nditadziwa kumene munthuyo anaphunzira ndi amene anamupatsa ushehewo.