Google Scholar, Scopus kapena Web of Science: nambala iti ilowe pa CV kuno ku Joni?

Ikangofika nyengo yofunsira ma postdoc ndi ntchito zophunzitsa, funso limodzi limandipeza mobwerezabwereza, kaya pa foni kaya tikakumana ku Braamfontein ndi anzathu akumudzi amene akumaliza PhD ku Wits kapena ku UJ. Munthu watsegula Google Scholar wapeza h-index yake ili pa 9, tinene choncho, ku Scopus ili pa 5, ku Web of Science pa 4. Ndiye amafunsa kuti, "Achimwene, yoona ndi iti, ndilembe iti?" Ndiyankhe pano kamodzi, ndipo sindibisa mbali imene ndimakondera.

Google Scholar, Scopus ndi Web of Science onse amawerenga kuti mapepala anu atchulidwa kangati m'zolemba zina, ndipo masamu ake ndi amodzi konseko. Jorge Hirsch, katswiri wa physics, ndiye anabweretsa h-index mu 2005: ikakhala 5 ndiye kuti muli ndi mapepala asanu amene lililonse latchulidwa kosachepera kasanu m'zolemba zina. Manambala amasiyana chifukwa aliyense mwa atatuwa ali ndi mulu wake wa zolemba umene amawerengamo.

Google Scholar inayamba mu 2004, ndi yaulere, ndipo ili ngati khoka la kunyanja lokoka chambo, usipa ndi zinyalala zomwe. Imatola ma journal, ma thesis, malipoti a mabungwe, mitu ya m'mabuku, ngakhale mapepala amene sanaunikidwe ndi akatswiri. N'chifukwa chake nambala yake imakhala yonona. Koma kwa ife ofufuza za kwathu, kukoka zonseko n'kumene kumandichititsa kuikonda. Mukalemba za ulimi wa mtedza ku Mchinji kapena za atsikana osiya sukulu ku Mangochi, amene adzagwiritse ntchito pepala lanu kwambiri ndi wophunzira wa masters ku LUANAR kapena ku Chanco, wolemba lipoti la bungwe ku Lilongwe, mlembi wa ndondomeko ya unduna. Zolemba za anthu amenewa nthawi zambiri sizilowa mu Scopus kapena mu Web of Science, koma zikakhala pa intaneti Google Scholar imatha kuziona. Ine ndikafuna kudziwa ngati ntchito yanga yafika kumudzi, ndimayang'ana kumeneko.

Vuto lake lalikulu kwa ife ndi mayina. Ndife a Banda, a Phiri, a Mwale, a Tembo, ndipo mayina amenewa adzaza Malawi, Zambia, ndi mbali za Mozambique ndi Zimbabwe. M'mapepala ambiri dzina loyamba limangolembedwa chilembo chimodzi. Mukalola kuti profile yanu izidziwonjezera yokha mapepala, mumadzuka tsiku lina mutapatsidwa ntchito za a Phiri ena. Sizachilendo kuona mphunzitsi wa zilankhulo ali ndi pepala la malungo lolembedwa ndi anthu ambirimbiri, lotchulidwa kambirimbiri, litakwezera h-index yake m'mwamba iye osadziwa. Ena amadziwa koma amangosiya poti nambala ikukoma. Chonde musatero. Anthu okhala pa panel yosankha ogwira ntchito amatsegula ma profile amenewa, ndipo akapeza pepala limodzi losakhala lanu, amayamba kukayikira ndi ena onse amene munawavutikira usiku. Lowani m'ma settings, sankhani kuti azikutumizirani imelo kaye asanawonjezere kanthu, kenako dutsani mndandanda wonse pepala ndi pepala. Tengani ORCID, nambala yaulere ya manambala 16 yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha, muziilemba pa pepala lililonse, ndipo dzina lanu muzililemba mofanana nthawi zonse. Achemwali amene munasintha dzina mutakwatiwa, izi zikukhudzani koposa, chifukwa ntchito zanu zakale zimatha kutsalira pa dzina la kwa bambo anu.

Palinso chifukwa china chimene akuluakulu a mayunivesite sakhulupirira Google Scholar kwenikweni: n'kosavuta kuinamiza. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble anapanga wofufuza wongopeka dzina lake Ike Antkare, n'kuika pa intaneti mapepala opanda tanthauzo olembedwa ndi kompyuta amene ankatchulana okhaokha, ndipo munthu wosakhalakoyu anapeza h-index ya 94.

Scopus ndi ya kampani ya Elsevier, nayonso ya 2004. Imawerenga ma journal okhawo amene komiti yake yawavomereza, pamodzi ndi mabuku ena ndi mapepala a misonkhano. Pa mayina imakonda kulakwitsa mwa njira ina: m'malo mokupatsani za ena, imatha kukugawani pawiri, profile ina ya nthawi imene munali ku Zomba, ina ya kuno ku Johannesburg, iliyonse ndi kanambala kake kakang'ono. Mungathe kupempha kuti aziphatikize ndipo salipiritsa. Web of Science ndiye nkhalamba ya onse, mizu yake ili mu Science Citation Index ya Eugene Garfield ya 1964, ndipo pano ili m'manja mwa Clarivate. Imasankha kwambiri, choncho nambala yanu imakonda kukhala yotsika kumeneko, makamaka ngati muli ku maphunziro a zachikhalidwe, mbiri kapena zilankhulo, kumene anthu amalemba mabuku. Impact Factor yotchuka ija imachokera kwa iwowa, koma dziwani kuti imayeza journal, poona mmene mapepala ake a zaka ziwiri zapitazo atchulidwira. Siyeza inuyo. Scopus ndi Web of Science zonse ndi zolipira. Mukakhala wophunzira kuno mumalowa kudzera ku laibulale ya yunivesite osamva kuwawa, koma akangotseka akaunti yanu mutamaliza maphunziro mumangoona pang'ono chabe. Choncho tsitsani lipoti lanu la ma citation, loonetsa kuti mapepala anu atchulidwa kangati, musanavale chipewa cha graduation.

Nanga n'chifukwa chiyani ma supervisor kuno amalimbikira ziwiri zimenezi? Ndi nkhani ya ndalama. Boma la South Africa, kudzera ku DHET, unduna wake woona za maphunziro apamwamba, limapereka subsidy ku yunivesite pa pepala lililonse lotuluka mu journal yovomerezeka, ndipo mindandanda yovomerezekayo ikuphatikiza wa DHET weniweniwo, Scopus, Web of Science ndi SciELO SA. Kupezeka pa Google Scholar kokha sikubweretsa ngakhale randi imodzi ku dipatimenti yanu.

Apa ndi pamene pali chilonda changa, ndipo n'chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Mng'ono wathu wina wakumudzi, amene ankafunika pepala lofalitsidwa kuti amalize digiri yake, analandira imelo yaulemu kwambiri yochokera ku journal ina, yoyamikira kafukufuku wake. Pa tsamba lawo panali chizindikiro cha Scopus, panalinso nambala yaikulu yolembedwa kuti impact factor. Za ndalama sananene paliponse pooneka. Anatumiza pepala, ndipo sabata isanathe anamuyankha kuti lalandiridwa popanda chosintha ngakhale chimodzi, pepala la masamba ambiri la munthu amene akungoyamba kumene. Tsiku lomwelo inabwera invoice ya madola. Atanena kuti alibe ndalama ndipo akufuna kulichotsa, anamuuza kuti kuchotsanso kuli ndi mtengo wake. Mwanayo amakhala m'kachipinda ka lendi, ndalama ya bursary amagawana ndi amayi ake kumudzi. Tinasonkherana abale, analipira, pepala linatuluka. Atapita nalo ku ofesi yoona za kafukufuku, mayi wa pa desiki analemba ISSN, nambala yozindikiritsa journal, pa kompyuta, n'kumutembenuzira sikirini kuti aone yekha: journal ija sinali pa mndandanda uliwonse. Chizindikiro chija anangochimata, ndipo impact factor ija inachokera ku kakampani kogulitsa manambala. Chopweteka kuposa ndalama n'chakuti pepala limene latuluka kale simungalitumizenso kwina. Ntchito ya miyezi yambiri, yoyenda m'midzi ndi mafunso, inathera pamenepo.

Pepala limenelo pa Google Scholar likuoneka bwinobwino, limodzi ndi ena onse. Ichi ndi chimene ndimavomereza ngakhale ndimaikonda: Google Scholar singakutetezeni kwa akuba otere, pamene mindandanda ya Scopus ndi Web of Science ingathe. Ndipo kufufuzako n'kwaulere, simufunika akaunti ya laibulale. Tengani ISSN ya journal, osati dzina lokha, chifukwa akubawa amatenga mayina ofanana ndi a ma journal enieni. Ifufuzeni pa Scopus Sources, pa Master Journal List ya Clarivate, ndi pa mndandanda wa DHET wa chaka chimenecho, umene laibulale ya yunivesite yanu imakhala nawo. Onaninso zaka zimene zalembedwa pambali pake, chifukwa Scopus imachotsa ma journal amene khalidwe lawo latsika, ndipo journal imene inalimo zaka zitatu zapitazo mwina lero mulibe. Kulipira pakokha si chizindikiro cha chinyengo, ma journal ambiri abwino a open access, amene aliyense amawerenga mwaulere, amalipiritsa olemba, koma amalemba mtengo poyera musanatumize, ndipo ambiri amachotsera kapena kukhululukira olemba ochokera m'mayiko osauka mukapempha.

Za ResearchGate sinditaya nthawi: ndi malo abwino opempherana mapepala, koma nambala yawo yoyezera ofufuza, RG Score, anaithetsa okha mu 2022, choncho isapezekenso pa CV ya munthu. OpenAlex, nkhokwe ina yowerenga mapepala ndi ma citation imene inayamba mu 2022 inzake ya Microsoft Academic itatsekedwa, ndi yotseguka kwa aliyense ndipo ndimaifunira zabwino, chifukwa mnzathu wa ku Mzuzu wopanda laibulale yolemera angathe kuigwiritsa ntchito, koma nayo mayina athu imawasokoneza ndipo ma panel ambiri sanaizolowere.

Yankho langa ndi ili. Mukamafunsira ntchito kapena ndalama za kafukufuku kuno ku South Africa, yambani ndi nambala ya Scopus, kapena ya Web of Science ngati fomu yatchula imeneyo, ndipo lembani pambali pake kumene mwaitenga ndi tsiku lake. Musaope kuti ndi yaing'ono. Munthu amene wangomaliza PhD sangafanane ndi pulofesa wa zaka 25, ndipo wa mbiri yakale sangafanane ndi wa zachipatala, kumene anthu amatchulana kwambiri. Ngakhale NRF, nthambi ya boma yothandiza kafukufuku kuno, popereka kwa ofufuza ma rating ake a A, B, C, P ndi Y imadalira akatswiri anzanu kuti awerenge ntchito zanu za zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, osati kungoona nambala. Pansi pake ikani ya Google Scholar, mutaiyeretsa kaye, ndipo musachite nayo manyazi. Ngati pepala lanu lagwiritsidwa ntchito mu ndondomeko ya boma kumudzi kapena mu ma thesis a ophunzira a ku Bunda, lembani zimenezo m'mawu, ziganizo ziwiri zotchula lipotilo ndi chaka chake, chifukwa Scopus sidzakuwerengerani zimenezo ndipo a pa panel sangazidziwe inu musanawauze.